Nkhuku ndi zamasamba mu slow cooker: nyama ikuuma, msuzi madzi okhaokha, ndikulakwitsa pati?

Mlendo_kukhitchini:

Moni nonse kuno. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumaphikira mu slow cooker, mphika wadothi uja umakhala m'chitsulo chamagetsi n'kumaphika pang'onopang'ono. Cholinga changa n'choti pakati pa sabata ndiziika zonse mumphika m'mawa, madzulo pobwera kuntchito tizingofikira kupakula. Mphika wake ndi wa malita 5.5, uli ndi Low, High ndi Warm basi, ulibe wotchi. Odya tilipo anayi.

Ndimayala zidali zinayi zopanda mafupa pansi, pamwamba pake mbatatesi, karoti, anyezi ndi zitheba, kenako n'kuthira madzi a stock cube mpaka zonse zitamira. Ndikayatsa pa Low 7 koloko m'mawa, ndimadzavundukula 5 koloko madzulo. Nyama imatuluka youma, ya ulusiulusi, chonsecho yaswera m'madzi tsiku lonse. Zitheba zimasanduka phala lotuwa. Msuzi umachuluka, wamadzimadzi, uli zii. Ndikayesa pa High maola atatu, nyama imapsa koma mbatatesi ndi karoti zimakhala zili gwa m'kati.

Ndiye ndithandizeni: ndigule nyama ya mbali iti ya nkhuku, madzi ndithire ochuluka bwanji, ndipo maola oyenera ndi angati? Komanso kodi nkhuku yochokera mufiriza ndingangoiponyamo isanasungunuke?

Supuni_Yamtengo:

Takulandirani, ndipo mwachita bwino kufotokoza zonse motere chifukwa vuto likuonekeratu. Slow cooker siphika ngati poto wa pamoto. Chivundikiro chake chimatsekera nthunzi, nthunziyo imagunda galasi n'kubwerera mumphika ngati madontho, ndiye madzi amene mwathira m'mawa madzulo mudzawapeza onse, kuphatikizapo amene atuluka mu nyama ndi mu anyezi. Kutentha kwa chakudyacho sikupitirira pamene madzi amawirira, choncho palibe chimene chingafiire kapena kukazingika mmenemo. Mukagwira mfundo ziwirizi, zina zonse zimangotsatira.

Tiyambe ndi nyama. Chidali chilibe mafuta ambiri, komanso chilibe minyewa yambiri yolumikiza nyama, ija amati collagen. Chikadutsa madigiri 74 a Celsius chimadzifinya kwambiri ngati siponji, madzi ambiri n'kutuluka. Kuchimiza mu msuzi sikuthandiza, chifukwa madzi amene afinyidwa sabwereranso m'kati mwa nyama. N'chifukwa chake mukupeza nyama youma pakati pa madzi. Chidali chopanda fupa pa Low chimakhala chitapsa pa maola awiri ndi theka kapena atatu ndi theka, pamene inu mukuchipatsa 10. Gulani ntchafu za mafupa, kapena miyendo yathunthu. Ntchafu ili ndi mafuta ndi collagen wambiri, ndipo collagen ameneyu akaphikidwa pang'onopang'ono amasungunuka n'kukhala gelatin, amene amafewetsa nyama n'kupatsa msuzi thupi. Ntchafu imakoma kwambiri ikafika madigiri 80 mpaka 85, pamene chidali chafa kale.

Khungu chotsani. Mu nthunzi silingakhale lokhutchuka, limangokhala lofewa, loterera, ndipo mafuta ake amayandama pamwamba pa msuzi. Kuligwira ndi kapepala ka m'khitchini pokoka kumathandiza kuti lisapulumuke m'manja.

Muyezo wa anthu anayi pa mphika wanuwo ndi uwu. Ntchafu 8, zolemera pafupifupi kilogalamu 1.2. Mbatatesi magalamu 600, zodula zidutswa za masentimita 3 kapena 4. Makaroti atatu kapena anayi, magalamu 300, odula mapisi osapitirira masentimita awiri. Anyezi wamkulu mmodzi, adyo tizidutswa tinayi, tomato paste masupuni aakulu awiri, paprika masupuni aang'ono awiri, thyme youma supuni yaing'ono imodzi, bay leaf imodzi, mchere supuni yaing'ono imodzi ndi tsabola wakuda theka la supuni yaing'ono. Madzi a stock mamililita 200 okha, osakwana n'komwe kapu yodzaza. Ndikudziwa kuti poyang'ana mumphika mtima udzakuuzani kuti zipserera, koma musawonjezere. Pakatha maola awiri mudzaona kudzera pagalasi madzi atakwera okha kufika pakati.

Kayalidwe kake mutembenuze. Mbatatesi ndi karoti mu slow cooker zimachedwa kupsa kuposa nkhuku, ndiye zikhale pansi ndi m'mbali pamene pali moto ndi madzi. Anyezi ndi adyo zibwere pamwamba pake, ntchafu pamwamba pa zonse, mbali ya fupa itayang'ana pansi. Madzi ndi mafuta otuluka mu nyama amatsikira mu mbatatesi, ndipo nyamayo imaphikika ndi nthunzi osati kubwatitsidwa. Mbatatesi zanu zinali gwa pa High chifukwa zinali pamwamba, kutali ndi moto, ndipo mwina zidutswa zake zinali zikuluzikulu.

Ngati muli ndi mphindi 10, kazingani ntchafuzo kaye. Zipukuteni ziume, ziwazeni mchere, tsabola ndi paprika, muzigubuduze mu ufa wa tirigu masupuni aakulu awiri, kenako muziike m'chiwaya chotentha chokhala ndi mafuta supuni imodzi, mphindi zitatu mbali iliyonse mpaka zifiire. Musadzaze chiwaya, kazingani kawiri, apo ayi zimangotuluka madzi n'kuwira. Mukazichotsa, m'chiwaya momwemo kazingani anyezi mphindi ziwiri, onjezani adyo ndi tomato paste kwa mphindi imodzi, kenako thirani stock uja n'kupala ndi supuni zofiira zonse zomatirira pansi. Zomatirirazo ndiye kukoma kwenikweni kwa msuzi, musazisiye m'chiwaya. Thirani zonsezo pamwamba pa mbatatesi.

Nthawi yake ndi maola 5 mpaka 6 pa Low, kapena atatu mpaka anayi pa High. Ntchafu zopanda mafupa chotserani ola limodzi. Musamavundukule kuti musuzumire. Mukatsegula kamodzi, nthunzi yomwe yatenga nthawi kuunjikana imathawa, ndipo mphika umatenga pafupifupi mphindi 20 kuti ubwerere pamene unali.

Zitheba, nsawawa, sipinachi, broccoli ndi zina zofewa zimalowa kumapeto. Zitheba zodula zipatseni mphindi 30 pa High, nsawawa za mufiriza mphindi 10 mpaka 15, sipinachi mphindi zisanu. Zikakhalitsa, kubiriwira kwake kumasanduka kutuwa ndipo zimanyenyeka, monga mwaonera.

Chomaliza chimene ambiri amaiwala: chakudya chophikidwa maola ambiri chimazilala, fungo la zokometsera limaphwa. Musanapakule lawani, onjezani mchere ngati ukuchepa, ndipo finyiranimo ndimu, supuni imodzi yaikulu ya madzi ake. Msuzi womwe umamveka zii umadzuka nthawi yomweyo.

Wa_ukhondo:

Zomwe anena a Supuni_Yamtengo n'zoona zonse. Ine ndiyankhe za nkhuku ya mufiriza, chifukwa apa sitikukambanso za kukoma koma za umoyo wa anthu anayi amene akudyawo.

Musaike nkhuku yosasungunuka mu slow cooker. Tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba, monga Salmonella, timachulukana msanga chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60. Slow cooker imatenthetsa pang'onopang'ono, ndiye chigumu cha nyama youma ndi kuzizira chimakhala nthawi yaitali m'chigawo chimenechi, kunja kuli kofunda, m'kati mukadali ayezi. Tizilombo tina, monga Staphylococcus aureus, timasiya poizoni amene saphedwa ndi kuphika, ndiye kunena kuti "idzapsa ndithu kumapeto" sikukutetezani. Bungwe la USDA, loona za ulimi ndi zakudya ku United States, limalangiza zomwezi, kuti nyama isungunuke kaye isanalowe mu slow cooker. Sungunulirani mufiriji, pa shelefu ya pansi, m'mbale yoti madzi ake asadonthere zakudya zina. Ntchafu zimafuna usiku umodzi kapena tsiku lathunthu. Mukaiwala, ikani m'pulasitiki yotseka bwino n'kuimiza m'madzi ozizira, madziwo muzisintha mphindi 30 zilizonse, ndipo muphike ikangosungunuka.

Nkhuku yaiwisi musaitsuke pa mpopi. Madzi sachotsa tizilombo, amangotimwazira pa sinki, pa mbale ndi pa zovala. Kupukuta ndi kapepala n'kukwanira, kapepalako n'kutaya, kenako sambani m'manja ndi sopo ndi kutsuka mpeni ndi thabwa lodulirapo musanakhudze zamasamba.

Kuti mudziwe kuti yapsa, njira yodalirika ndi thermometer ya nyama. Ibayeni pamene ntchafu yanenepa kwambiri, osakhudza fupa, iwerenge madigiri 74 kapena kuposa. Mtundu wa nyama umanamiza. Pafupi ndi fupa pamatha kuoneka pofiirira ngakhale nyama itapsa bwinobwino, makamaka nkhuku zazing'ono zomwe zinakhalapo mufiriza, chifukwa mtundu wa m'mafupa umalowerera mu nyama.

Mphika udzaze kuyambira theka kufika magawo awiri mwa atatu. Ukachepa kwambiri chakudya chimapsa msanga n'kupserera m'mbali. Ukadzaza mpaka kukamwa umachedwa kutentha ndipo msuzi umasefukira.

Pa nkhani ya maola 10 aja pali msampha umene ndikufuna muupewe. Ena amagula kawotchi kolumikiza pa soketi kuti mphika udziyatse masana. Kumeneko n'kusiya nkhuku yaiwisi pa tebulo maola anayi kapena asanu, ndipo n'koopsa kuposa kuiponyamo yosasungunuka. Kuti kawotchiko kazimitse mphika chakudya chitapsa nakonso sikuli bwino ngati mufike patadutsa maola oposa awiri, chifukwa chakudyacho chimazizira n'kutsikira m'chigawo choopsa chija chili chovundikira. Warm ndi yosungira chakudya chakupsa kale pamwamba pa madigiri 60, si yophikira. Musayambire pa Warm.

Magetsi akazima inu kulibe, ndipo simukudziwa kuti anazima nthawi yanji, chakudyacho tayani ngakhale chikuoneka chakupsa. Zimapweteka mtima, koma palibe njira yodziwira kuti chakhala chofunda kwa maola angati. Akazima muli pomwepo, samutsirani mu poto n'kumalizitsa pamoto nthawi yomweyo.

Zotsala musazisiye mumphika kuti zizizire momwemo. Mphika wadothi wa slow cooker umasunga kutentha nthawi yaitali, ndiye chakudya chimachedwa kuzizira. Gawani m'makontena osazama, zilowe mufiriji pasanathe maola awiri, ndipo mudye pasanathe masiku atatu kapena anayi. Potenthetsa gwiritsani ntchito poto kapena microwave mpaka zitatentha kwambiri m'kati monse. Slow cooker si yotenthetsera zotsala, imachedwa.

Ndiwonjezere chimodzi, popeza anthu amakonda kuponyamo nyemba kuti chakudya chichuluke. Nyemba zouma, makamaka zofiira zija amati kidney beans, zili ndi poizoni wachilengedwe wotchedwa phytohaemagglutinin, amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Amatha pokhapokha nyembazo zitabwata kwambiri. Kutentha kwa Low sikudalirika pa ntchito imeneyi. Zinyikeni maola osachepera asanu, tayani madziwo, zibwatitseni pamoto waukulu m'madzi atsopano mphindi 30, kenako ndiye zilowe mu slow cooker. Za m'chitini zinaphikidwa kale, mungozitsukuluza n'kuziika mphindi 30 zomaliza.

Mlendo_kukhitchini:

Zikomo kwambiri nonse awiri, maso atseguka. Komabe vuto langa lalikulu likadalipo: pakhomo sipakhala munthu kuyambira 7 koloko mpaka 5 koloko, ndipo mwati maola 6 ndiye malire. Nditani pamenepa? Komanso m'mawa nthawi imandithera, kodi ndingakonzeretu zonse usiku n'kuika mphika wonse mufiriji? Nanga mpunga ndingauphikire momwemo, ndipo msuzi ukachulukabe ndiulimbitse bwanji?

Mphika_Wakale:

Ndikuuzeni mosabisa: nkhuku si nyama ya maola 10. Nyama ya ng'ombe yolimba, ya paphewa kapena ya m'miyendo, ndi imene imapirira maola 8 mpaka 10 n'kutuluka ikukoma. Malangizo ambiri akale amalemba maola 8 kapena 10 pa chilichonse, koma miphika yambiri ya masiku ano imatentha kuposa yakale ija, ndiye kutsatira maola amenewo pa nkhuku n'kuipha kawiri. Dziwaninso kuti pa miphika yambiri Low ndi High zimakathera pa kutentha kofanana, pafupi ndi pamene madzi amawirira. Kusiyana kwake n'kwakuti High imafikapo msanga. Ndiye Low si yoti mungaisiye mpaka kalekale.

Njira zilipo zingapo, musankhe yogwirizana ndi moyo wanu.

Yabwino koposa kwa munthu wopanda wotchi pamphika ndi kuphika madzulo a dzulo lake. Mukafika 5 koloko, yalani zonse, yatsani pa High, pofika 9 koloko zapsa. Gawani m'makontena, ikani mufiriji, mawa mukungotenthetsa mphindi 10 n'kuponyamo zitheba kapena nsawawa. Chakudya chotere chimakoma kwambiri tsiku lachiwiri chifukwa mbatatesi zimakhala zitamwa msuzi, komanso mafuta amaundana pamwamba moti mumangowachotsa ndi supuni.

Ngati mukufunadi kufikira chotentha, ndiye pakufunika slow cooker yokhala ndi wotchi, yoti ikatha maola 6 pa Low imadzisinthira yokha ku Warm. Maola anayi pa Warm ndiye malire ake, ndipo nyama imapitirizabe kufewa, koma ntchafu zimapirira.

Mukakakamizika kugwiritsa ntchito mphika womwe muli nawowo maola onse 10, chepetsani kuwonongeka motere. Tengani miyendo yathunthu, ntchafu yolumikizana ndi mwendo wake, zikuluzikulu, za mafupa. Musazikazinge, zilowe zozizira kuchokera mufiriji. Mbatatesi sankhani zolimba, zosanyenyeka zikaphikidwa, zazing'ono muziike zathunthu ndi makoko ake, zazikulu muzidule pakati pokha. Karoti akhale wa zidutswa za masentimita 4 kapena 5. Mphika udzaze magawo awiri mwa atatu, chifukwa wodzaza umachedwa kufika powira. Nyama idzakhala ikuyoyoka pa fupa, ndiye ivuuleni mosamala ndi chipande, chotsani mafupa onse ndi kachichereche ka pa mfundo, makamaka kafupa kosongoka kamene kamakhala m'mbali mwa mwendo ngati pali ana, kenako ibwezereni mu msuzi yonyotsolanyotsola. Chimakhala chakudya chabwino ndithu, kungoti si cha nthuli zathunthu.

Za kukonzeratu usiku, inde, koma zinthu zikhale padera. Karoti, anyezi ndi adyo zodula ikani m'kontena imodzi. Mbatatesi zodula zimada zikakhala pa mpweya, ndiye zimizeni m'madzi ozizira mufiriji, m'mawa n'kukhetsa. Nkhuku yothira kale mchere ndi zokometsera ikhale m'kontena yakeyake yotseka, ndipo mchere wogonera usiku umalowerera bwino mpaka pa fupa. Stock, tomato paste ndi thyme sakanizani m'kabotolo. M'mawa kuyala zonsezi ndi ntchito ya mphindi zitatu. Chimene simuyenera kuchita ndi kukazinga nkhuku usiku n'kuisunga yosapsa m'kati kuti mudzamalize mawa. Ngati mukazinge, kazingani pomwe mukuyatsa mphika.

Kuika mphika wonse mufiriji sindikukulimbikitsani. Dothi lake ndi lochindikala, likazizira limatenga nthawi yaitali kuti litenthe, ndipo nthawi imeneyo nkhuku ili m'chigawo chija anena a Wa_ukhondo. Komanso dothi silikondana ndi kusintha kwadzidzidzi. Mphika wozizira ukalowa m'chitsulo chotentha kale, kapena wotentha mukauthira madzi ozizira potsuka, ukhoza kung'aluka.

Mpunga phikani padera. Ukakhala maola asanu mumphika umaphulika n'kusanduka phala, umamwa msuzi wonse, ndipo wa pamwamba nthawi zina umatsala waiwisi. Mphindi zimene mukudikira zitheba ndi msuzi zikukwanira kuphika mpunga pambali. Pasta nayonso chimodzimodzi.

Msuzi ukachulukabe, njira yachangu ndi cornflour, uja woyera wosalala wa m'paketi. Supuni yaikulu imodzi pa kapu imodzi ya msuzi. Musungunuleni kaye m'madzi ozizira masupuni awiri, chifukwa mukamuwaza wouma mu msuzi wotentha amachita mibulu yosasweka. Vuulani nyama, thirani, takasani, vundikirani pa High mphindi 15. Amalimba pokhapokha msuzi ukuwira, ndiye ngati pakatha mphindizo sunasinthe, vuto ndi kutentha, musawonjezere cornflour. Njira yokoma kuposa pamenepa ndi kutsanulira msuzi wokha mu poto wotambalala n'kuubwatitsa wosavundikira mphindi 8 kapena 10 mpaka utatsika ndi theka. Mukatero mchere muthire pamapeto, chifukwa madzi akamaphwa mchere umakula. Muthanso kuphwanya zidutswa zitatu za mbatatesi ndi foloko n'kuzitakasira mu msuzi, osafunanso ufa uliwonse.

Ngati mumakonda msuzi wa kirimu, mkaka kapena yogati, zimenezi zilowe mphindi 15 zomaliza. Zikaphikidwa maola ambiri zimadukaduka, msuzi n'kuoneka ngati wathiridwa mkaka wowawasa. Yogati muisakanize kaye ndi msuzi wotentha masupuni angapo m'kapu, kenako muithire mphika utazimitsidwa.

Supuni_Yamtengo:

Pa zosakazinga ndikugwirizana nanu a Mphika_Wakale pa tsiku la maola 10 lokha. Koma amene akudumpha chiwaya adziwe kuti kukoma kumene kukanachokera kofiira kuja kuyenera kuchokera kwina. Supuni imodzi yaikulu ya soy sauce imathandiza kwambiri, ndipo imadetsako msuzi kuti usaoneke wotumbuluka. Mukaithira, mchere uja muchepetse ndi theka, chifukwa stock cube nayonso ili ndi mchere wambiri. Anyezi waiwisi mu slow cooker nthawi zina amatsala wokhutchuka ndi fungo lakuthwa, ndiye mudule woonda, kapena mumufewetse mphindi zitatu mu microwave ndi kamafuta pang'ono. Ufa wa tirigu uja musauwaze pa nyama yosakazinga mochuluka, supuni imodzi basi, apo ayi umaundana pamwamba ngati phala.

Amene akufuna khungu lofiira alisiye pa ntchafu, akazinge mbali ya khungu yokha mpaka mafuta atuluke, ndipo zikapsa azivuule n'kuziika pansi pa grill ya uvuni mphindi zitatu mpaka zisanu. Aime pomwepo, chifukwa zimapserera m'kanthawi kochepa.

Kapu_Ndi_Theka:

Pali chinthu china chimene chimalimbitsa mbatatesi ndi karoti chomwe sichinatchulidwe: zowawasa. Tomato wambiri, viniga, vinyo kapena ndimu zikalowa koyambirira, zimachedwetsa kusungunuka kwa pectin, chinthu chimene chimamatiriza timaselo ta zamasamba. Mbatatesi imatha kukhala maola 6 mu msuzi wa tomato n'kutulukabe yolimba kunja ngati yachikopa. Masupuni awiri a tomato paste alibe vuto. Koma ngati mukufuna msuzi wa chitini chathunthu cha tomato, cha magalamu 400, dulani mbatatesi zing'onozing'ono, masentimita awiri, muziyale pansi ndi stock pang'ono, tomatoyo akhale pamwamba pa nyama, ndipo stock muchepetse kufika mamililita 50 chifukwa chitinicho chabwera kale ndi madzi ake. Kapena mbatatesizo ziwiritseni kaye mphindi zisanu pamoto. Ndimu ija n'chifukwa chake anati ilowe pomaliza.

Zamasamba zina zimatulutsa madzi ambiri kuposa mmene munthu angaganizire. Bowa, zukini, kabichi ndi tsabola wobiriwira wamkulu zikakhalamo, stock ichepe ndi theka. Bowa ndi bwino kumukazinga kaye. Mbatata yotsekemera ndi dzungu zimafewa msanga kuposa mbatatesi, ndiye zidulidwe zikuluzikulu ndipo zikhale pakati, osati pansi penipeni. Adyo wophikidwa maola ambiri amatha mphamvu, choncho okonda fungo lake asunge kachidutswa kamodzi, akasinje n'kukathira mphindi 10 zomaliza limodzi ndi parsley. Zokometsera zouma zimalowa koyambirira, zaziwisi pomaliza.

Ndikupempheninso muuyeze mphika wanuwo, chifukwa miphika imasiyana ndipo maola onse tatchulawa ndi oyambira chabe. Thiranimo madzi a pampopi kufika theka kapena magawo awiri mwa atatu, vundikirani, yatsani pa Low maola 8, kenako vundukulani n'kuyeza madziwo msangamsanga asanazizire. Ayenera kukhala pa madigiri 85 kapena kupitirirako pang'ono. Akakhala pansi pa pamenepo, mphikawo sukutentha mokwanira ndipo si woti muziphikiramo nkhuku. Mukawapeza akubwata, wanuwo ndi wa moto wambiri, ndiye pa maola onse amene mukuwerenga muzichotsera limodzi.

Yang'ananinso chivundikiro. Chikakhala chopendekeka kapena chobenthuka m'mphepete, nthunzi imathawa, chakudya chimachedwa kupsa ndipo m'mbali mumapserera. Povundukula chinyamuleni chili chathyathyathya n'kukachipendeketsera pa sinki, kuti madzi ounjikana pagalasi asagwerenso mu msuzi womwe mwavutika kuulimbitsa.

Ulendo woyamba phikani tsiku limene muli pakhomo. Yalani monga anenera a Supuni_Yamtengo, yatsani pa Low, ikakwana maola anayi ndi theka bayani ntchafu yaikulu ndi thermometer, mbatatesi ya pakati ndi mpeni. Mpeni ukalowa wosakakamiza ndipo nyama yadutsa madigiri 74, zapsa. Ngati sizinafike, vundikirani, mudzayezenso pakatha mphindi 45. Ola limene zapsalo mulilembe pakapepala n'kumata m'kati mwa chitseko cha kabati, ndi kulemera kwa nyama yomwe munaphika.